Lipoti la maphunziro a mapikapu: tisagule kaye atatu aja

A Wapampando, a Msungichuma ndi anzanga onse a m'bandi,

Munandituma ku Blantyre nditanyamula gitala ya lidi ija kuti ndikafunse mapikapu (tizipangizo totola mawu a nsambo) oyenera kugula m'malo mwa atatu ake, popeza tatopa ndi kung'ung'uza kwake. Ndabwerako, gitala ndabwera nayo, ndipo pempho langa ndi lakuti ndalama zomwe tinasonkha zikhale kaye m'thumba.

Maphunziro anali a masiku awiri, mu shopu ya mmisiri wina wokonza magitala. Tinalipo 14, ambiri a mabandi a m'mipingo. Mmisiriyo anayamba ndi kuphwasula pikapu yakufa kuti tione m'kati (a Msungichuma, si galimoto ija ayi). Muli maginito okulungidwa ndi kawaya ka kopa kowonda ngati tsitsi, kozungulizidwa pafupifupi ka 8,000 mu pikapu ya gitala ya mtundu wa Fender Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, m'kawayamo mumabadwa timagetsi topita ku ampu. Tsoka lake, koyilo imodziyi, kawaya kokulungidwa kaja, imatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, omwe kuno ndi a 50 Hz. Ndi chifukwa chake Seth Lover wa kampani ya Gibson anapanga humbucker mu 1955: makoyilo awiri oyang'ana mosemphana, kotero phokoso limaphana lokha koma mawu a nsambo amatsala. Inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957.

Nditamva izi ndinati basi, mankhwala apezeka. Koma mmisiri atalumikiza gitala yathu anandiuza kuti ndigwire nsambo, ndisiye, ndigwirenso. Phokoso silinasinthe. Anati gitala yabwinobwino imayenera kuchepetsa phokoso ukakhudza nsambo. Tinatsegula kachitseko ka kumbuyo, ndipo kawaya ka ground (kotayira phokoso la magetsi) kopita pachitsulo chogwira masipuling'i kanali lende, kataduka kalekale. Ndinakawotcherera ndekha, manja akunjenjemera. Kenako tinamata tepi ya kopa m'dzenje lonse la mapoto (zopotokola za voliyumu ndi toni) ndi kunsi kwa pulasitiki yogwira mapikapu, n'kuilumikiza ku ground. Phokoso lambiri linathera pomwepo. Lotsalalo limazimiririka swichi yosankhira mapikapu ikakhala pa 2 kapena pa 4, chifukwa pikapu yapakati anaizunguliza mobwerera ndipo maginito ake ndi otembenuza. Ikagwira ntchito ndi inzake zimakhala ngati humbucker. Zaka zonsezi tinali nayo, osadziwa.

Cholakwa china ndi changa, ndivomere. Chaka chatha ndinakweza mapikapu onse kufupi ndi nsambo poganiza kuti gitala idzamveka kwambiri. Maginito akayandikira chonchi amakoka nsambo, mawu amagwedezeka ndipo kumafreti akumtunda gitala imamveka ngati sinachunidwe. Ineyo ndinkanamizira nsambo zotchipa. Muyezo wake ndi wosavuta: dinikiza nsambo pa freti yomaliza, pakati pa nsambo ndi maginito patsale mamilimita awiri kapena kupitirira pang'ono, kenako khutu limalize ntchito.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe panali mkangano. Tinayeza mapikapu ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi; waya akachuluka nambala imakwera. Yathu ya pabuliji (pomwe nsambo zimamangidwa pathupi la gitala) inaonetsa 5.9k, pomwe humbucker ya Seymour Duncan JB yomwe mnyamata wina anabweretsa inali cha m'ma 16k. Iye anaumirira kuti nambala yaikulu ndiye pikapu yabwino. Mmisiri sanatsutsane naye, anangomupatsa gitala kuti ayimbe kachidutswa ka rumba popanda distortion (kusasitsa mawu). Mawu anali onenepa ndithu, koma kuthwa kuja kunalibe. Waya akachuluka mphamvu zimakwera, mawu apakati amakula, mawu akuthwa amachepa. Mapikapu amphamvu otere, kuyambira pa DiMarzio Super Distortion ya 1972, anapangidwira oyimba rock ofuna kuti ampu ilire mosasa. Ife kayimbidwe kathu ndi kotola nsambo imodziimodzi, ngati mu rumba ndi sungura, ndipo lidi imayenera kuboola pakati pa kiyibodi ndi kwaya. Tikanagula zomwe tinaona pa Facebook zija, tikanalipira ndalama zambiri kuti tiphe mawu omwe timawakonda.

Za maginito a alnico ndi a ceramic anakamba nthawi yaitali. Athu ndi a ceramic, monga magitala ambiri otsika mtengo. Atatitembenuza kuyang'ana kukhoma n'kuyimba mitundu yonse iwiri, ine ndinalondola kawiri, n'kuphonya katatu. Musandifunsenso.

Mapikapu a EMG ndawakana. Amafuna batire ya 9V, mapoto a 25k ndi jaki (pobaya chingwe) ina, ndipo batire imadyeka nthawi yonse yomwe chingwe chili chobaya m'gitala. Mukudziwa nokha mmene timasiyira zingwe Lamlungu tikaweruka.

Tsiku lomwe tidzasinthe pikapu, pali misampha yomwe ndailemba m'kope. Koyilo imodzi imayenda ndi mapoto a 250k, humbucker ndi a 500k. Ukaika humbucker pa 250k mawu amachita mdima. Humbucker yonse siilowa m'bowo la pulasitiki yathu, pokhapokha titagula pulasitiki ina, ndipo nthawi zina thabwa lenilenilo limafunika kugoba. Nsambo za pabuliji ya mtundu wa Fender ndi zotalikirana kuposa za Gibson, choncho DiMarzio amagulitsa zolembedwa F-spaced, a Seymour Duncan amati Trembucker. Koma msampha woipitsitsa ndi mitundu ya mawaya. Kwa Seymour Duncan, wakuda ndiye wonyamula mawu, wobiriwira ndi wa ground, wofiira ndi woyera amamangidwa pamodzi. Kwa DiMarzio, wonyamula mawu ndi wofiira, ndipo omangidwa pamodzi ndi wakuda ndi woyera. Bambo wina wa ku Thyolo anasokoneza, gitala yake inalira mopyapyala ngati munthu wogwidwa chimfine. Musanachotse waya aliyense, jambulani ndi foni.

Ndikupempha komiti ivomereze zinthu ziwiri. Choyamba, tigule multimeter, chowotcherera mawaya ndi tepi ya kopa, zikhale za gulu. Chachiwiri, tiyimbe ndi gitalayi mmene ilili kwa Malamlungu anayi, kuphatikizapo tsiku lomwe tidzagwiritse jenereta. Ngati pikapu ya pabuliji idzavutabe, tidzagule imodzi yokha, humbucker yamphamvu zochepa yokwana m'bowo la koyilo imodzi, ndipo yakaleyo tidzaisunge.

Ndalama yotsala pa ulendo ndi malisiti ndapereka kwa a Msungichuma. Achimwene a besi, Lachitatu mubwere nayo gitala yanu msanga tisanayambe pulakitisi. Kuthetheka kuja ndikukayikira jaki, ndipo ndikufuna ndiitsegule kukuwala.