Zikomo a Riksarkivet ku Vadstena, makamaka mayi amene anatikokera mpando

Kwa akuluakulu ndi onse ogwira ntchito ku Riksarkivet, ofesi ya boma yosunga zolemba zakale, ku Vadstena, m'dziko la Sweden,

Kalata ya m'Chiswidishi ndinakutumizirani kale sabata yatha, mizere isanu ndi umodzi, amuna anga atandiwongolera mawu awiri atatu. Koma mtima sunakhute. Chiswidishi changa chikati tack, amene ndi zikomo wawo, n'kubwereza tack så mycket, ndiye kuti chatha mpweya, pamene ine zoti ndinene zadzaza pakhosi. Ndiye ndati ino ndilembe m'chinenero chimene ndinayamwira, anzanga akwathu amene tili nawo kuno ndi amene ali kumudzi amve nawo kuti ofesi ya boma yotere ilipo ndithu, ndaiona ndi maso angawa.

Tinabwera kwa inu Lachiwiri lina, ine ndi apongozi anga aamuna, a zaka 86. Chibwerereni ine m'banja lino, palibe Khirisimasi imene yadutsa osamva nkhani ya kholo lawo, msilikali amene anakumba nawo ngalande ya Göta, yodutsamo zombo ija, ndi fosholo yamtengo, ndipo akuti analipo ku Mem, kumene ngalandeyo imakumana ndi nyanja, pa 26 September 1832, tsiku limene Mfumu Karl XIV Johan inatsegula ngalandeyo. Ana awo amangosekerera, poti nkhaniyi anatopa nayo. Koma apongozi aakazi atatisiya chaka chatha, mkuluyu anayamba kuifunsa nkhaniyi mwamtundu wina. Sankainenanso mokometsera. Ankangoti, kodi inali yoona? Amuna anga amagwira ntchito masana, ine yanga ndi yausiku, choncho mtolo unagwera ine mtengwa.

Musanadabwe kuti n'chifukwa chiyani ndikuthokoza ngati mwandipatsa ng'ombe, imvani kumene ndinadzera ndisanafike kwa inu. Ofesi yoyamba ndinaimba foni, makina n'kundiuza kuti ndili pa nambala 14 pamzere. Ndinadikira mpaka mpunga unapserera. Amene anayankha sanandilole n'komwe kumaliza chiganizo, anangoti zonsezo zili pa intaneti, n'kudula. Malo achiwiri, osungirako zinthu zakale, ndinawalembera imelo kawiri. Yankho linabwera patatha miyezi itatu, lonena kuti amene amaona za zimenezi ali patchuthi ndipo akabwera andiyankha. Mpaka lero akadali patchuthi, Mulungu awadalitse. Malo achitatu ndinapitako ndekha, ndipo ndi amene anandipweteka. Bambo wa pa tebulo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba kundilankhula Chingerezi chokweza mawu, pang'onopang'ono, ngati ndine wogontha, ngakhale ine ndinayamba ndi Chiswidishi. Kenako anafunsa kuti, msilikali ameneyu ndi ndani wanu? Ndinayankha kuti ndi kholo la ana anga. Anagogoda dzina pa kompyuta kamodzi kokha, n'kuti palibe munthu wotere, wotsatira.

Ine ndinakulira kumene mawu oti "bwerani mawa", "fayilo yanu sikuoneka" ndi "abwana ali ku msonkhano" timawadziwa ngati Atate Wathu. Ndinkayesa kuti ndinawasiya pabwalo la ndege. Ayi ndithu, kuno aliko, angovala jekete yabwino ndipo amakumwetulira pokubweza.

Ndiye pobwera ku Vadstena ndinali nditamanga kale mtima. Mvula inatipeza panjira, tinasochera pofuna poimika galimoto, ndipo kachikuku koyendera ka apongozi kankakodwa m'miyala ya pabwalo la nyumba yachifumu ija imene Mfumu Gustav Vasa inayamba kumanga mu 1545. Tinalowa tili chinyowere, nthawi yotseka itayandikira. Ndinali nditakonzeratu mawu owatonthozera apongozi pobwerera.

Mayi amene anatilandira dzina lawo sindilemba, koma inu mukuwadziwa, chifukwa sangakhale awiri otere. Asanafunse chimene tadzera, anadzuka n'kukakoka mpando wokhala ndi mogwirira manja, n'kuuika pamene apongozi akanatha kukhala osapinda kwambiri bondo lawo lovuta lija. Anaona okha kuti bondolo ndi lovuta, palibe anawauza. Anatenga jekete yonyowa ya mkuluyu n'kukaiyanika pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba. Atatero anakokanso mpando wachiwiri, wa ine, ndi wachitatu wa iwo eni, n'kukhala pambali pathu, osati kuseri kwa tebulo. Kenako anayang'ana ine, osati apongozi, n'kuti fotokozani.

Ndinayamba kufotokoza, lilime n'kumakodwa. Mawu a Chiswidishi ankathawa ngati nkhuku zaona kabawi. Ndinapepesa, ndinati Chiswidishi changa n'chopunduka, mwina tilankhule Chingerezi. Mayiwo anaseka, kuseka kwabwino, n'kuti ayi, pitirizani, mukulankhula bwino kuposa mfumu imene mwabwera kudzaifunsayo. Ndinayesa nthabwala chabe. Anati n'zoona: Karl Johan anali Mfalansa, Jean Baptiste Bernadotte, wobadwira ku Pau mu 1763, mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a Napoleon. Aswidi anamusankha ku Örebro mu August 1810 kuti adzalowe ufumu, chifukwa Mfumu Karl XIII inali yokalamba ndi yopanda mwana woti alowe m'malo, ndipo amene anamusankha poyamba anagwa pa hatchi n'kufa mu May chaka chomwecho. Munthuyu anakhala pampando kuyambira 1818 mpaka 1844, zaka 26, osachidziwa Chiswidishi. Nduna zake zinkachita kumulankhula Chifalansa. Mkazi wake Désirée anafika ku Stockholm mu 1811, kuzizira ndi miyambo ya kunyumba yachifumu zinamukwana, anabwerera ku Paris, n'kudzabweranso mu 1823. Ndipo mfumu ya lero ndi mdzukulu wa anthu amenewa. Mayiwo anamaliza ndi kuti, ndiye ngati mlendo ameneyo tinamupirira zaka zonsezo, inu tikulephereni theka la ola?

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, koma m'maso munali mutadzaza. Zaka khumi ndi chimodzi ndili m'dziko lino, ndakhala ndikupepesa chifukwa cha lilime langa m'basi, ku chipatala, kusukulu ya ana. Sindinaganizepo kuti wodzandichotsa manyazi adzakhala mfumu yakufa kalekale, kudzera pakamwa pa mayi wa mu ofesi ya boma.

Zimene anachita pa kompyuta paja musandifunse, zinandidutsa. Ndinangoona masamba achikasu akusinthana pagalasi, zilembo zopendekeka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Chimene ndinagwira ndi ichi, ndipo ndi chimene bambo uja wa "palibe munthu wotere" akanandiuza m'mphindi imodzi akanafuna. Msilikali wa nthawi imeneyo ankakhala ndi mayina awiri. Lobadwa nalo linkachokera ku dzina la bambo ake, lothera ndi -sson, ndiye m'gulu limodzi mumapezeka a Andersson ndi a Persson ambirimbiri. Choncho akalowa usilikali ankamupatsa dzina lina lalifupi, monga Rask, kutanthauza wachangu, Modig, wolimba mtima, kapena Svärd, lupanga. Alimi angapo ankasonkherana kusunga msilikali mmodzi, n'kumupatsa kanyumba ndi kamunda, kamene amati soldattorp. Iye akachoka, wolowa m'malo mwake ankatenga kanyumbako, kawirikawiri ndi dzina lomwe. Ife tinkafufuza ndi dzina la usilikali lokha, osadziwa kuti pa kanyumba kamodzi komweko panadutsa amuna atatu otsatizana a dzina limenelo. Zinandikumbutsa kwathu, mmene wolowa ufumu amadyera dzina la amalume ake, moti ukafunsa za mfumu yakutiyakuti amayamba akufunsa kuti ukunena uti.

Mayiwo anawasiyanitsa atatuwo mmodzimmodzi, modekha, mpaka anatsala wathu. Anatsegula kaundula wa mpingo, buku limene abusa ankayenda nalo chaka ndi chaka kuyesa anthu ngati akutha kuwerenga ndiponso ngati akudziwa katekisimu. Anakuza zilembo kuti apongozi aone, ndipo poona kuti maso awo akukanikabe, anawerenga mokweza, chala chili pagalasi, mzere ndi mzere: mwamuna, mkazi wake, ana asanu, awiri ali ndi kamtanda kumbali. Anationetsa kachilembo kosonyeza kuti ana otsalawo analandira katemera wa nthomba, amene boma linalamula mu 1816 kuti ana azilandira. Anatiuzanso kuti bishopu wa ku Växjö, Esaias Tegnér, ananena kuti chimene chinachulukitsa Aswidi masiku amenewo ndi mtendere, katemera ndi mbatatesi. Mtenderewo ndi umene unayamba 1814 itatha, pamene Sweden inamenya nkhondo yake yomaliza n'kulumikizana ndi Norway pansi pa mfumu imodzi. Asilikali opanda nkhondo ndiwo anagwira mafosholo. M'mphepete mwa tsamba lina, m'zilembo zing'onozing'ono, abusa analemba kuti mwamunayu sanapezeke pa mayeso chifukwa anatumizidwa ku ngalande.

Apongozi anavula magalasi awo n'kukhala chete. Mayiwo sanawafulumize. Nthawi yotseka inali itakwana, ndinamva anzawo akuzimitsa magetsi mbali ina, koma iwo sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi. Ndinkawayang'anitsitsa dala, chifukwa kuyang'ana wotchi kwa anthu a m'maofesi ndimakudziwa.

Ndiyamikenso kuti sanatinamize. Munthu wongofuna kutisangalatsa akanati inde, analipo ku Mem, pitani mumtendere. Iwo anatsegula buku la asilikali n'kutionetsa kuti kholo lathuli linachotsedwa ntchito mu 1829 chifukwa cha kuvulala, zaka zitatu ngalande isanatsegulidwe, ndipo malinga ndi lamulo linayenera kutuluka m'kanyumba kaja kuti mulowe wina. Za kuona mfumu, anati palibe pepala limene likunena. Nkhope ya apongozi inagwa pang'ono. Apo mayiwo anawagwira pamkono n'kuwauza kuti Baltzar von Platen mwini wake, amene anaumirira ntchitoyi kuyambira 1810 anthu akumunena kuti akumwaza ndalama za dziko, anamwalira chaka chomwecho cha 1829 ku Christiania, kumene lero amati Oslo, osaiona itatha. Anati anthu okwana 58,000 anagwirapo, maola 12 patsiku, kukumba makilomita 87 ndi mafosholo amtengo okhala ndi chitsulo kunsonga kokha, ndipo ambiri a iwo sanaitanidwe ku phwando. Apongozi anagwedeza mutu n'kuti, koma anakumba. Mayiwo anati, anakumba, zalembedwa apa.

Potuluka anatipatsa mapepala atatu osindikiza mu envulopu, ataikutira ndi pulasitiki chifukwa cha mvula. Anandifunsa kuti kholo timati chiyani m'chinenero chathu. Ndinati agogo, kapena makolo akachuluka. Analemba pa envulopupo ndi dzanja lawo, "agogo", n'kundipatsa ine m'manja, n'kuti izi ndi za ana anu. Jekete ya apongozi inali itauma ndipo inali yofunda.

Ndili pagalimoto apongozi anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo ndikuchilemba pano kuti ena ake amve, akudzidziwa okha. Mawu oti ombudsman, amene ngakhale kwathu ku Malawi timawadziwa chifukwa ofesi yake iliko, anabadwira kuno. Mu 1809, Aswidi atachotsa Mfumu Gustav IV Adolf pampando mu March, nkhondo imene inawalanda Finland ili mkati, analemba malamulo atsopano oyendetsera dziko n'kuwavomereza pa 6 June. M'malamulo amenewo anaikamo munthu wosankhidwa ndi nyumba ya malamulo woti aziyang'anira oweruza ndi ogwira ntchito m'boma, kuti munthu wamba akaponderezedwa akhale ndi kokadandaula. Zaka zoposa 200 zapitazo makolo anu anaona kale kuti munthu akakhala kuseri kwa tebulo amaiwala kuti anabadwa ngati anzake. Ine kwa ombudsman sindipita, nkhani ya imelo ndi maso onyoza si yotopetsera akuluakulu. Koma amene ali patchuthi chosatha aja, ndi bambo wa Chingerezi chokuwa uja, akanati atumizidwe ku Vadstena sabata imodzi, azikangokhala pakona n'kumaonerera mmene mpando amaukokera.

Sitinalunjike kunyumba. Apongozi anati tidzere ku Motala, kumene kuli manda a von Platen m'mphepete mwa ngalande yake. Kunali kutayamba kuda, mvula itasiya. Anakana kachikuku, anagwira mkono wanga, tinayenda mpaka pamadzi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana tsidya, kenako anandifunsa kuti fosholo timati chiyani kwathu. Nditawauza anabwereza kawiri, molakwitsa, ndipo sindinawakonze.

Chonde kalatayi muwafikitse mayiwo, wina awamasulire ngakhale mwachidule. Muwauze kuti envulopu ija ili m'kabati ya galasi pabalaza, pambali pa chithunzi cha apongozi aakazi, ndipo mwana wanga wamkulu wapempha kale kuti akaionetse kusukulu Lolemba. Apongozi akuti chilimwe chikubwerachi tidzabweranso ndi ana, akufuna tidzafufuze kumene mkazi wa msilikali uja anakathera atatuluka m'kanyumba. Tidzafika m'mawa, ndalonjeza.

Ine wanu wothokoza,
Mtengwa wa ku Östergötland