Munthu akati ali ndi K150,000, ndalama yake ndi yomweyo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za kakhalidwe kena kamene kakula pakati pa ife anthu amene timatchedwa odziwa za makompyuta. Ndikuti ife chifukwa nane ndili momwemo, ndili ndi kashopu kokonza mafoni ndi malaputopu pano pa Mangochi boma, ndipo tchimo ndikufuna kunenali nanenso ndinalichitapo, ndiulula kutsogoloku.

Munthu amabwera kudzafunsa nzeru, wanena bwinobwino kuti ndili ndi ndalama zakuti, ndigule chani? Ife mmalo moyankha zimene watifunsa timayamba ndi kanyimbo kaja kakuti "mungowonjezera pang'ono". Pang'ono ameneyo mukamuwerengera mupeza kuti ndi kawiri kapena katatu ndalama imene munthu watchula. Munthu wabwera ndi ndalama ya usipa iwe n'kuyamba kumufotokozera kukoma kwa chambo, mesa wakulira m'mphepete mwa nyanja yomweyi? Chambocho akuchidziwa, mwinanso kuposa iwe, kungoti lero m'thumba muli za usipa.

Mwezi wathawu kunabwera mayi ena a ku Namwera, ali ndi kabizinesi kotayipa makalata, mayeso a ana asukulu, ma CV, ndi kuchita fotokope. Kompyuta yawo ndi ya patebulo zija, yakale ndithu, anandiuza kuti akaiyatsa mmawa amapita kaye kukatereka madzi a tiyi, pobwera amaipeza ikadali kuzungulirabe. Atagawana ndalama ku banki m'khonde anapatula K150,000 kuti makina amenewa achire. Asanafike kwa ine anali atafunsa kale anyamata atatu, mmodzi ndi mwana wa achimwene awo amene ali ku koleji, ndipo onse atatu yankho lawo linali limodzi ngati anapangana: mayi tayani chimenecho, mugule i7 ya RAM 16GB (i7 ndi mtundu wa pulosesa, ubongo wa kompyuta, ndipo RAM ndi malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito zimene mwatsegula). Mtengo umene anawatchulira unali woposa miliyoni. Mayiwo pofika pa shopu panga anali ataganiza kale zokatenga katapila, anangoti ndifunse kaye wachinayi.

Ndinawafunsa kuti mayi, mumagwiritsa ntchito chani pa kompyutapo? Akuti Word, Excel pang'ono, ndi kupulinta, basi. Tinatsegula. Mkati muli pulosesa ya Core i3 ya m'badwo wachinayi, RAM 4GB, ndi hard disk yosungira mafayilo, yakale yozungulira ija, fumbi lokha mkatimo mukanadzala mbatata. Vuto la makina ngati amenewa nthawi zambiri si pulosesa ayi, ndi hard disk. Yozungulira ija ikalimbikira imawerenga ma megabyte cha m'ma 100 pa sekondi, pomwe SSD wamba ya SATA, chosungira mafayilo chamakono cholowa mmalo mwa hard disk, imafika cha m'ma 500, ndipo kusiyana kwenikweni kumaonekera pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene Windows imatsegula poyaka, chifukwa mu SSD mulibe mbale yoti izungulire kapena kasingano koti kazifunafuna. Tinaika SSD ya 256GB, tinawonjezera ka RAM ka 4GB ka mtundu wa DDR3 ka kaunjika kuti ikwane 8GB, tinapemerera fumbi, n'kusintha thermal paste, mafuta opaka pa pulosesa kuti isatenthe kwambiri. Hard disk yakale ija sitinataye, inatsala momwemo yosungirako mafayilo. Mayi aja anabwerera ku Namwera ndi chenji, thiransipoti yokwera mapiri aja inachokera mu ndalama yomweyo.

Sindikunena kuti ndinawapangira makina atsopano. Ndinawauza chilungamo kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna pulosesa ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita kutsogolo komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, nde makina awo a m'badwo wachinayi sakukwanira. Ndinati mayi, izi zikukankhani kwa kanthawi, muzisamala ma flash a anthu amene akubwera kudzapulintitsa chifukwa ndi amene amabweretsa ma virus, ndipo mukamagawananso ku banki m'khonde muziika kenakake padera. Anamva, anathokoza. Uthenga wa anyamata aja ndi wanga mwina pamapeto pake ukukathera kumodzi, koma ntchito ya mayeso a temu ino itayipidwa popanda munthu wa katapila kugogoda pakhomo.

Ine ndakhala ndikuganiza kuti khalidwe limeneli timalitenga kuti. Ndikuona ngati ndi mu msika. Tinazolowera kunenerera, wogulitsa atchula pamwamba, wogula atchula pansi, aliyense akudziwa kuti mnzake wabisa kenakake, mpaka mukumana pakati. Nde munthu akati ndili ndi K150,000 khutu lathu limamva kuti ali ndi K300,000 koma akuyamba kaye ndi theka. Aaa ayi abale. Kwa wogulitsa munthu angabise, koma akabwera kwa iwe ngati mnzake kudzafunsa nzeru, nambala imene watchulayo waiwerenga usiku wonse, wachotsapo fizi ya ana, wachotsapo lendi, wachotsapo thumba la chimanga. Ena kuti aitchule nambalayo amachita kuvutika ndi manyazi. Ndaona anthu akuluakulu akutsitsa mawu potchula bajeti yawo ngati akuulula mlandu, kenako kamnyamata koti sikanagulepo ngakhale mawusi ndi ndalama yake n'kuseka, ati imeneyo ndi ya chaja chabe.

China n'chakuti ambiri mwa akatswiri athuwa nzeru zawo anazitenga kwa anthu a kunja amene amalandira malipiro mu madola. Kwa iwo kuwonjezera madola 50 ndi nkhani yaing'ono. Kuno kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe kachipangizo ka kompyuta kamene timapanga tokha, konse kamachokera kunja, kaya ku Joni, kaya ku Dubai, kaya ku China. Malipiro a mphunzitsi kapena phindu la mayi wogulitsa usipa wouma sizinakwere molingana ndi mitengo imeneyi. Madola 50 amenewo kuno ndi msonkhano wa banja.

Komanso kanthu aka ka i7 kandikwana. Anthu anaphunzitsidwa kuti chomata cholembedwa i7 ndiye mfumu, i5 nduna, i3 kapolo. Chikomekome cha mkuyu. Muziyang'ana nambala imene ili kumanja kwa kamzere mu dzina la pulosesa, ndi imene imanena m'badwo. Mwachitsanzo i7-2620M ndi ya m'badwo wachiwiri, ya 2011, ili ndi ma core, timaubongo ta mkati mwa pulosesa, awiri okha. Pomwe i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ya 2017, ili ndi ma core anayi, imadya batire pang'ono ndipo Windows 11 imalowa bwinobwino. Nde ukamuuza mwana wasukulu amene ali ndi ndalama yochepa kuti "i7 basi, zinazo n'zoseweretsa", iye amapita kukasaka i7 imene ndalama yake ingakwanitse, n'kubwerako ndi gogo wa zaka zoposa khumi, batire lakufa, kutentha ngati mbaula. Ndi kutentha kwa kuno kwa Okutobala, laputopu yotero imazima yokha ili pakati pa asayimenti. Wamupweteka ndi ndani? Ndi iwe ndi langizo lako.

Ndipo bajeti sikuti yonse ipite ku bokosi. Munthu wa kuno akafuna katundu amene sapezeka pa boma pano akwere basi kudutsa pa Liwonde, Zomba mpaka Limbe kapena Blantyre, kupita ndi kubwera, adyenso panjira. Akafika kunyumba pakufunika kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa tonse tikudziwa mmene amathimira ndi kubwerera. Pakufunika bando yoti Windows ikokere ma update ake, amene amameza ma gigabyte osakufunsa. Wa desktop akufunikanso UPS, batire losunga magetsi kwa kanthawi akathima, apo ayi tsiku lina magetsi adzathima ali pakati posunga ntchito. Wina amakhala mbali ya ku Makanjira uko akudalira sola ndi ka inveta kakang'ono, laputopu ya chaja ya ma watt 45 kapena 65 imayenda bwino, koma iwe ukumulembera mndandanda wa makina ofuna ma watt 500. Unamufunsa kumene amakhala?

Tsopano ndiulule langa lija. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mnyamata wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, anabwerako ndi kamera ndi ka desktop kakang'ono ka mu ofesi kaja, kopyapyala, ndipo ankafuna kuyamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Anati ankolo, ndatsala ndi ndalama yakuti, ndiwonjezere chani kuti ndizidula mavidiyo? Ine mtima wanga unali pa graphics card, khadi yothandiza kompyuta pa zithunzi ndi mavidiyo, ina imene ndinkaisirira ndekha, ndinali ndisanaigwirepo n'komwe, nde ndinamuuza kuti mfana, ukangowonjezera pang'ono ugule imeneyi, sudzadandaulanso. Makina ake sindinawatsegule. Anagulitsa njinga yake, n'kuitanitsa. Itafika, yayitali komanso yonenepa, mu bokosi lake losalowa. Tinati tiike chotsegula, power supply, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta, ya mkatimo ndi ya ma watt cha m'ma 200, ilibenso waya wa mapini 6 umene khadi yoteroyo imafuna. Kuti tisinthe power supply, za timakina ta mu ofesiti zimakhala za maonekedwe akeake, wamba siyikwana. Ndiye kuti bokosi lina, power supply ina, mwinanso motherboard ina, bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Walira mvula walira matope, koma apa analira mvula ndine, matope anaponda ndi mwana wa eni. Chimene ankafunika pa ndalama yake ija chinali RAM yowonjezera ndi SSD, kenako azidula mavidiyo ake pa 1080p modekha mpaka maukwati atamupatsa ya makina aakulu. Ndinamubwezera ndalama pang'onopang'ono miyezi ingapo. Njinga ija sinabwerere.

Ena anena kuti nanga bajeti ikakhala yoti singagule kanthu, tiname? Ayi ndithu. Pali nthawi imene ndalama imakhala yosakwanira, ndipo kumunamiza munthu kuti apeza laputopu yabwino pa mtengo wa foni ya mabatani ndi nkhanzanso. Muuze kuti achimwene, pa ndalama imeneyi chimene mungapeze chikuvutitsani, kuli bwino musunge miyezi iwiri itatu, pakadali pano muzikatayipitsa pa shopu. Kapena muuze kuti gulani ya kaunjika ya 4GB koma muonetsetse kuti ili ndi malo owonjezera RAM, chifukwa malaputopu ena opyapyala RAM yake anaiwotcherera pa bodi, singasinthidwe. Muuzenso kuti DDR3 siyilowa pa malo a DDR4, kampata kake kali posiyana, ndipo RAM ya laputopu ndi yaifupi, si imodzi ndi ya desktop, asakagule chinthu choti adzangochiyang'ana. Makina akale kwambiri ena amatsitsimuka ukawaika Linux Mint mmalo mwa Windows, yaulere, ndi LibreOffice yotayipira, ngakhale kuti uyambe waona kaye ngati pulinta yake igwirizane nayo. Zonsezi ndi mayankho a mkati mwa ndalama ya munthuyo. Ukafuna kutchulako za chodula, tchula pamapeto, kamodzi, utayankha kale funso lake, ndipo unene kuti kusiyana kwake ndi ndalama zingati m'makwacha, osati "pang'ono".

Kwa anzanga ogulitsa, ndikudziwa kuti lendi ya shopu ikudikira ndipo laputopu yodula ili pa shelefu miyezi inayi ikukupwetekani mutu. Koma Mangochi ndi tauni yaing'ono, munthu amene mwamukankhira ku ngongole mudzakumana naye pa mlatho wa Bakili Muluzi, mudzakumana naye ku maliro, ku mzikiti kapena ku tchalitchi. Mayi a ku Namwera aja anditumizira kale anthu awiri, mmodzi ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina amene anangofuna kiyibodi ndi batire, ndipo ndinamugulitsa kiyibodi ndi batire.

Graphics card ija ikadali mu dilowa pa shopu panga, mu pepala lake lomwe inabwerera. Pano yatsika mtengo, yatsalira m'mbuyo. Ngati alipo amene ali ndi bokosi lalikulu ndi power supply ya ma watt 500 abwere tikambirane, koma abwere ndi makina akewo, ndiyambe ndatsegula.

Wokonza mafoni ndi makompyuta,
Mangochi Boma