Dandaulo kwa kampani imene inandigulitsa zida za mapiko a ndege yanga

Kwa eni ake ndi oyang'anira kampani yoitanitsa ndi kugulitsa zida zomangira ndege zing'onozing'ono kuno ku Johannesburg,

Ndikulemba dandaulo ili poyera chifukwa makalata a imelo amene ndakhala ndikukutumizirani sakuyankhidwa, ndipo ndikaimba foni ndimangouzidwa kuti abwana ali pamsonkhano. Dzina la kampani sindilitchula, popeza cholinga changa si kukuwonongerani malonda, koma inuyo mukundidziwa bwino ndipo nambala ya oda yanga muli nayo. Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndi mmene tinkalankhulirana mu ofesi mwanu pa tsiku lomwe tinkapangana za malondawa, pamene munanditsimikizira kuti munthu wakwathu simungamugwiritse fuwa lamoto.

Ine ndinagwira ntchito yokonza ndi kusema zitsulo za makina m'mafakitale a ku East Rand mpaka pamene ndinapuma, ndipo gawo lalikulu la ndalama zanga za penshoni ndinaliika pa ntchito yomanga ndege yokwera anthu awiri m'galaja ya kunyumba kwanga. Zida za mchira ndinagula kwa inu, zinali zabwino, ndipo katswiri woyendera ntchito yanga anasaina popanda chovuta. N'chifukwa chake ndinalipiriratu mtengo wonse wa zida za mapiko musanaziitanitse. Bokosi linafika mochedwa kwambiri poyerekeza ndi tsiku limene munalonjeza, koma mutandiuza kuti katundu anachedwera padoko la Durban ndinamvetsa, chifukwa aliyense woitanitsa katundu m'dziko lino amadziwa za vutolo. Dandaulo langa lagona pa zomwe ndinapeza m'bokosimo.

Mtanda waukulu wa phiko lakumanzere, uja amisiri amati spar, unabwera ndi mzere wa mabowo obooledwa pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwa chitsulo, ndipo mabowowo ali cha kutsinde kwa phiko, kumene phiko limalumikizana ndi thupi la ndege. Mariveti, timisomali tolumikizira zitsulo, a pamalopo ndi a mamilimita 3.2. Lamulo limene mmisiri aliyense wa ndege amaphunzira poyambirira, lomwenso lili m'buku la malangizo la AC 43.13-1B la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, limati kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete mwa chitsulo payenera kukhala mpata wosachepera kukula kwa riveti kuwirikiza kawiri. Pa riveti ya mamilimita 3.2, mpatawo ndi mamilimita 6.4. Ndinayeza mosamala ndi veniya, chida choyezera timipata ting'onoting'ono, yomwe ndagwiritsa ntchito moyo wanga wonse, ndipo ena mwa mabowowo sakufika ngakhale mamilimita 5. Mtanda wa phiko lakumanja uli bwinobwino, zomwe zikusonyeza kuti pulani ya ndegeyi ilibe vuto, koma chitsulo chimodzichi chinasuntha pa makina pomwe ankachiboola, ndipo panalibe amene anachiyang'ana chisanapakidwe.

Nditakutumizirani zithunzi ndi miyeso, wantchito wanu anandiyankha pa WhatsApp kuti ndingokuza mabowowo kufika mamilimita 4 n'kuikamo mariveti akuluakulu, ndipo anati anthu ambiri amachita zomwezo. Abwana, yankho limeneli ndi lomwe landipweteka kuposa china chilichonse. Riveti ya mamilimita 4 imafuna mpata wa mamilimita 8 kufika m'mphepete, choncho kukuza bowo lomwe lili kale pafupi ndi m'mphepete kumadya kachitsulo kochepa komwe kanatsalako, ndipo kumafulumizitsa mng'alu. Aluminiyamu sachenjeza munthu. Mng'alu umayamba pabowo uli waung'ono kwambiri moti maso sangauone, umakula pang'onopang'ono nthawi iliyonse phiko likapindikira m'mwamba ndi kubwerera, ndipo phiko likatsekedwa ndi malata ake palibenso amene angauone msanga. Ndege ya mtundu uwu imapangidwa kuti mapiko ake athe kunyamula kulemera kwake kuwirikiza pafupifupi kanayi, ndipo mphamvu yonseyo imadzera pa mtanda womwewu, makamaka kutsinde kwake. Aliyense amene anaulukapo pamwamba pa Gauteng masana a chilimwe, mitambo ya mabingu ikusonkhana, akudziwa mmene mphepo ya kuno imagwedezera ndege yaing'ono. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo ndege yaing'ono imathamanga mtunda wautali isananyamuke, kenako n'kukwera pang'onopang'ono m'mphepo yosakhazikika. Kuno si malo oyeserapo phiko lokayikitsa.

Ndinapempha kuti ngati njira yokuza mabowoyo ndi yovomerezeka, mundipatse kalata yochokera kwa injiniya wa fakitale imene inapanga zidazi, yokhala ndi dzina lake ndi siginecha yake. Kuchokera pa tsiku limene ndinapempha kalatayo, mauthenga anga amangowerengedwa osayankhidwa.

Nkhani ya mabawuti ndi yodetsanso nkhawa. Mabawuti omangira mapiko ku thupi la ndege anabwera m'kajumbo kopanda dzina, kopanda nambala, kopandanso satifiketi yosonyeza kumene anachokera. Pulani ikutchula mabawuti opangidwira ndege a mtundu wa AN, omwe miyeso yake ndi ya mainchi ndipo pamutu pake pamakhala chizindikiro chonga X kapena kanyenyezi. Amene munanditumizira alembedwa 8.8 pamutu, ndipo mabawuti otere ndi a miyeso ya mamilimita, omwe munthu angagule mu hadiweya iliyonse. Ndi abwino pomangira geti kapena ngolo, koma salowa mothina bwino m'bowo lomwe linapangidwira bawuti ya mainchi, ndipo palibe pepala lotsimikizira chitsulo chake. Sindikufuna kunena kuti munachita dala. Mwina mabawuti enieni anasowa m'nyumba yanu yosungiramo katundu ndipo wina anaganiza zodzaza mpatawo mwachangu, koma ngati ndi choncho, muyenera kufufuza kuti munthu ameneyo wapakira anthu angati.

Malata awiri a pansi pa phiko alinso ndi mawanga oyera a dzimbiri pansi pa pulasitiki yotchinjiriza, chizindikiro choti anakhala pamalo achinyezi. Izi ndi zazing'ono poyerekeza ndi mtanda uja, koma ndinalipira mtengo wa katundu watsopano.

Mukudziwa bwino kuti m'dziko lino ndege yomanga wekha imayang'aniridwa ndi bungwe la South African Civil Aviation Authority (SACAA) pansi pa gawo 24 la malamulo a zandege, ndipo ntchito iyenera kuonedwa ndi katswiri wovomerezeka mapiko asanatsekedwe. Katswiri amene amayendera ntchito yanga anabwera, anayeza yekha, ndipo anakana kusaina. Anachita bwino, ndipo akanasaina ndikanasiya kumukhulupirira. Popanda siginecha imeneyo ndege yanga singapatsidwe chilolezo chouluka, ngakhale italembetsedwa ndi nambala yake ya ZU, yomwe ndege zomanga wekha zimapatsidwa kuno. Pakalipano ntchito yonse yaima, injini ya Rotax 912 yomwe ndinagula kwina ili m'bokosi lake, ndipo ine zaka zikupita. Munthu wopuma pantchito amene akufuna kuuluka amayenera kupimidwa ndi dokotala mobwerezabwereza kuti chiphaso chake chikhale chamoyo, ndipo palibe amene angamulonjeze kuti maso ndi mtima zidzakhala zikumulolabe. Miyezi imene inu mukuitaya posayankha, kwa ine ndi yamtengo wapatali.

Ife Amalawi okhala kuno tili ndi chifukwa chathu chosatengera zinthu izi mopepuka. Pa 4 April 1974, ndege ya mtundu wa DC-4 ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, yomwe inanyamula anthu ogwira ntchito m'migodi obwerera kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi. Chomwe chinachititsa ngoziyo chinachitikira pansi, chifukwa mafuta a ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti. Ngoziyo ndi yomwe inachititsa kuti Dr. Kamuzu Banda aletse kulemba Amalawi ntchito ya kumigodi ya kuno. Ife a msinkhu wanga tinakula tikumva nkhaniyi, ndipo inatiphunzitsa kuti amene amagwira zida za ndege ali pansi amakhala atanyamula miyoyo ya anthu omwe sadzawaona n'komwe. Pampando wachiwiri wa ndege yanga padzakhala mayi akunyumba kapena mdzukulu wanga.

Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, m'ndime 56, limapatsa wogula ufulu wobweza katundu wolakwika pasanathe miyezi 6 chilandirireni, wogulitsa n'kulipira ndalama zonse zobwezera katunduyo, ndipo wogulayo ndi amene amasankha ngati akufuna kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Ine ndinakudziwitsani molemba nthawiyo isanathe, ndipo ndasankha kusinthiridwa. Ndikufuna mtanda watsopano wa phiko lakumanzere wochokera kufakitale, mabawuti a AN monga pulani ikunenera pamodzi ndi mapepala ake, ndi malata awiri m'malo mwa odzimbiri aja. Katundu wolakwikayu tumizani galimoto yanu idzamutenge, ndipo mundilembere tsiku limene zida zatsopano zidzafike.

Mwezi uno ukatha musanandiyankhe molemba, ndidzakasuma ku National Consumer Commission ndipo ndidzatumizanso zithunzi ndi miyeso yanga ku SACAA. Koma chimene sichingadikire mpaka kutha kwa mwezi ndi ichi: lemberani lero lomwe aliyense amene munamugulitsa zida za mapiko zomwe zinabwera pamodzi ndi zanga, muwauze kuti ayeze mabowo a kutsinde kwa mitanda yawo ndi kuyang'ana mitu ya mabawuti awo asanatseke mapiko. Mukapanda kutero, ndidzawauza ndekha pamsonkhano wotsatira wa omanga ndege a EAA Chapter 322, kalabu ya omanga ndege zawo kuno ku Johannesburg.

Ndine kasitomala wanu wa kumwera kwa Johannesburg.