Tisamalembe mapulani a dziko ngati kuti mvula idzagwa bwino chaka chilichonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mapulani a chitukuko cha dziko lathu, komanso ya akatswiri amene amabwera kudzalangiza boma za mmene lingakonzekerere zam'tsogolo. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwa zaka zambiri m'maboma a m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndisanapume, choncho ndikudziwa ubwino wa uphungu wabwino, ndikudziwanso mmene uphungu umafera m'kabati ngati wolangizidwayo sanautenge kukhala wake.

Dziko la Malawi silinasowepo mapulani. M'nthawi ya Kamuzu Banda tinali ndi chikalata cha mfundo za chitukuko cha zaka za 1971 mpaka 1980, kenako china cha 1987 mpaka 1996. Mu ulamuliro wa Bakili Muluzi kunabwera Masomphenya a 2020, amene ankati pofika chaka chimenecho tidzakhala dziko la chuma chapakatikati, ndipo mu 2002 kunabweranso ndondomeko yochepetsa umphawi. Pambuyo pake tinaona ndondomeko yokweza chuma ndi chitukuko yotchedwa MGDS, yoyamba mu 2006, yachiwiri mu 2011, yachitatu mu 2017, kufikira mu Januwale 2021 pamene boma linakhazikitsa Malawi 2063, masomphenya otsamira pa ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda. Zikalatazi zili ndi nzeru zambiri ndipo sindikufuna kuzinyoza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti, mmene ine ndimaziwerengera, zimaona tsogolo ngati msewu umodzi wowongoka: chuma chidzakwera chaka ndi chaka, mvula idzagwa pa nthawi yake, fodya adzapeza ogula, madzi adzayenda mu Shire monga mwa masiku onse. Funso loti "nanga zikapanda kutero, tidzachita chiyani?" limatchulidwa mongodutsa, ndipo kawirikawiri silipatsidwa ndalama ngakhale mwini wake.

Taonani nkhani ya magetsi, pakuti ndi imene ikuonetsa bwino zimene ndikunenazi. Kuyambira mu 1966, pamene makina a ku Nkula anayamba kugwira ntchito, takhala tikumanga malo athu akuluakulu opangira magetsi pa mtsinje umodzi: Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire, ndipo kunja kwake kunali kamalo kakang'ono ka Wovwe ku Karonga. Komatu zolembedwa zilipo zosonyeza kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri moti analeka kutulukira mu Shire. Nditangoyamba ntchito ndinapeza okalamba ena amene ankasimba kuti makolo awo ankalima m'malo amene lero timawolokamo ndi bwato. Chotchinga madzi cha pa Liwonde, chimene chinamangidwa mu 1965, chimathandiza kugawa madzi moyenera, koma sichingalenge madzi amene m'nyanjamo mulibe. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsikanso, magetsi ankathima tsiku lonse, zigayo ndi mafakitale zinaima, ndipo dziko linathamangira kubwereka majenereta a dizilo pa mtengo wowawa. Mu Januwale 2022 vuto linadzera mbali ina: namondwe wotchedwa Ana anagumula damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, amene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera ku madzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi ingapo makinawo asanayambirenso. Pamalo omwewo m'pamene ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira wa m'chigwa cha Shire, wofuna kuthirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, imatengera madzi ake, kotero kuti ngozi ya usiku umodzi inakhudza magetsi ndi ulimi nthawi imodzi.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma izi zinaimba ng'oma kwa zaka zana. Nkhani yolumikiza mawaya athu ndi a ku Mozambique inayamba kukambidwa m'zaka za m'ma 1990, koma ntchito yeniyeni yomanga kuchokera ku Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka inachedwa zaka zoposa makumi awiri. Ndikuyamikira magetsi a dzuwa a ku Salima, amene anayamba mu 2021 ndi mamegawati 60, ndi a ku Golomoti amene anatsatira mu 2022, koma tivomereze kuti tinawafuna mdima utatipweteka kale.

Pamtsinje womwewu m'pamene munthu amaonanso mmene maunduna amakokerana kwina ndi kwina. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2020 lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa kuti owotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo azilangidwa kwambiri, ndipo cholinga chake chinali chabwino. Koma mayi wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene magetsi amuthimira, ndipo gasi sangamukwanitse, adzagulabe makala, chifukwa ana ake ayenera kudya. Mitengo ikatha ku Neno, Mwanza ndi Ntcheu, dothi limakokoloka n'kukadzaza madamu, zinyalala ndi namasupuni zimatseka polowera madzi pa makina, magetsi amachepa, ndipo mtengo wa thumba la makala umakwera, zomwe zimakopa anthu enanso kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa. Oona zankhalango ali ndi ndondomeko yawo, oona zamphamvu ali ndi yawo, okhometsa msonkho ali ndi yawo, azaulimi ali ndi yawo, ndipo iliyonse payokha imamveka bwino. Koma palibe amene amaziyala pa tebulo limodzi n'kufunsa ngati zikugwirizana.

Zitsanzo zina n'zodziwika kwa aliyense. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010 tisanamvane ndi dziko la Mozambique, limene mtsinje wa Zambezi umadutsamo, ndipo mpaka lero sitima zonyamula katundu sizifikako. Maphunziro aulere a ku pulaimale, amene anayamba mu 1994, ndi chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri zimene dziko lino linachitapo, koma ana a sukulu atachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, zipinda ndi aphunzitsi ophunzitsidwa zinali zosakwanira, ndipo ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ana amene adzafune malo ku sekondale zaka khumi zikubwerazi anabadwa kale, ndipo chiwerengero chawo chimadziwika.

Tsopano ndinene za alangizi ochokera kunja, pakuti apa m'pamene mtima wanga uli. Amene tinali m'midzi mu 2002 sitidzaiwala njala ya chaka chimenecho, pamene anthu ankadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima. Zaka ziwiri izi zisanachitike, nkhokwe za boma zinali ndi chimanga choposa matani 160,000. Mabungwe obwereketsa ndalama, kuphatikizapo IMF, analangiza kuti chimangacho chichepetsedwe kufika pa matani pafupifupi 60,000, popeza kuchisunga kunkadya ndalama zambiri ndipo panali ngongole yoti ibwezedwe. Chimene chinachitika n'chakuti pafupifupi chonse chinagulitsidwa, zokolola za 2001 zinavuta, ndipo mu Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, nkhokwe zili mbee. Mlandu wa kugulitsa kopitirira muyeso unali wathu eni ake. Koma uphunguwo nawonso unawerengera bwino mtengo wosungira chimanga, osawerengera mokwanira mtengo wa moyo wa munthu m'dziko lopanda doko, limene chimanga chochokera kunja chimatenga miyezi kuti chifike nyengo ya mvula. Panasowa Mmalawi wokhala ndi udindo komanso umboni m'manja woti aimirire n'kunena kuti tisanagulitse, tiyeni tione kaye zimene zingachitike mvula ikalakwika zaka ziwiri zotsatizana.

Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa masiku atatu pa hotela ina ya kunyanja, wokonzedwa ndi bungwe lina lothandiza boma. Katswiri amene anatitsogolera anali munthu waulemu ndi wodziwa ntchito yake. Anatigawa m'magulu, natipatsa timapepala tomata pakhoma, natiuza kuti tiganizire mmene dera lathu lingadzaonekere patapita zaka makumi awiri mvula ikachepa, ikachuluka, kapena mtengo wa feteleza ukakwera kawiri. Kunena zoona, aka kanali koyamba pa ntchito yanga yonse kufunsidwa funso lotere, ndipo anzanga ananena zinthu zakuya zimene anazidziwa poyenda ndi alimi. Patapita miyezi linafika lipoti lokongola la m'Chingerezi. Ndinaliika m'kabati ya ofesi, pakuti bajeti ya chaka chimenecho inali itakonzedwa kale popanda kuliganizira, ndipo ya chaka chotsatira inangokopera ya chaka chapitacho. Nditabwera kudzatsanzika popuma pantchito ndinalipeza chiswe chitadya chikuto chake. Katswiri uja anali atapita kudziko lina, amene anatiitana anali atasamutsidwa, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ntchito yake inali kukumbukira zimene tinagwirizana.

Kuyang'ana patsogolo si nzeru yachilendo kwa ife ayi. Agogo anga aakazi ankasankha ngala zabwino za chimanga pokolola n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe, ndipo ngakhale njala ivute bwanji, mbewuyo sinkakhudzidwa. M'munda mwawo munali chimanga, mapira, nandolo ndi maungu, kudimba kunali mbatata, kumalire kunali chinangwa. Iwo sankadziwa ngati mvula idzagwe bwino kapena ayi, koma ankalima mwakuti chaka chilichonse chikabwera, china chipulumuke. Zimene akatswiri amaphunzitsa m'mahotela n'zomwezi, kungoti boma liyenera kuzichita ndi mabiliyoni a ndalama za misonkho, ndiponso mogwirizana pakati pa maunduna ambiri.

Mayiko ena anaika ntchitoyi m'malamulo kuti isadalire chifuniro cha munthu mmodzi. Ku Finland, Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona zam'tsogolo kuyambira mu 1993, ndipo boma lililonse limapereka lipoti la zam'tsogolo kamodzi pa nthawi ya ulamuliro wake, aphungu n'kulikambirana. Ifenso tili ndi poyambira, chifukwa lamulo la 2017 linakhazikitsa bungwe la National Planning Commission kuti mapulani a dziko asamasinthe nthawi iliyonse pamene boma lasintha. Pempho langa n'lakuti bungweli lipatsidwe mano. Bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo, bungweli lizilemba poyera ngati ndalamazo zikutsata mapulani a dziko, komanso ngati ndondomeko ya unduna wina sikupha ya unzake. Ntchito iliyonse yaikulu, kaya ndi damu, msewu kapena ngalande, isavomerezedwe pokhapokha eni ake atasonyeza chimene chidzachitike kukagwa chilala, kukasefukira madzi, kapena Kwacha ikagwa mphamvu monga inachitira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Aphungu nawonso akhale ndi komiti yawo yofunsa mafunso amenewa, ndipo malipoti ake azimasuliridwa m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina kuti mafumu ndi makomiti a chitukuko m'midzi aziwatsatira.

Kwa abwenzi athu otithandiza ndinena mwaulemu kuti mlangizi asamayesedwe ndi kukula kwa lipoti limene wasiya. Mgwirizano wake uzinena kuti adzagwira ntchito limodzi ndi achinyamata a m'boma ndi a m'masukulu athu aukachenjede, ndipo pochoka azisiya anthu odziwa kuchita ntchitoyo okha, okhala ndi malo okhazikika m'boma, oti akhoza kutsutsa ngakhale uphungu wa mlangizi wotsatira. Ndipo boma likalandira uphungu kuchokera kwa alangizi asanu otumidwa ndi mabungwe asanu, lizikhala ndi ofesi imodzi yoti iuyerekeze, chifukwa nthawi zambiri kusagwirizana kwa maunduna athu kumayambira pa kusagwirizana kwa amene akuwapatsa ndalama.

Zizindikiro timazilandira nthawi ikadalipo. Chilala cha El Niño chinatipweteka mu 2016, ndipo cha 2024 akatswiri a zanyengo anachenjeza miyezi ingapo tisanabzale, komabe alimi ambiri a kummwera anabzala chimanga chomwecho, ndipo mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Chenjezo likafika mu Seputembala, payenera kukhala ndalama zoikidwa kale zogulira mbewu ya mapira, chinangwa ndi mbatata, ndiponso lamulo lonena amene atulutse ndalamazo popanda kudikira msonkhano wina. Chimodzimodzinso m'mapiri a Blantyre: amene anaona matope a namondwe wa Freddy atakwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023 akudziwa kuti oona za malo, a khonsolo ndi oona za ngozi ayenera kukhala ndi mapu amodzi osonyeza pomwe munthu sayenera kumanga, komanso malo ena oti anthuwo apatsidwe.

Akonzi, ndikupempha kuti nduna ya zachuma ikamadzapereka bajeti ikubwerayi, mudzatumize mtolankhani wanu akafunse funso ili m'malo mwa ife a kumudzi: nyanja ikadzatsikanso monga inachitira mu 1915, kodi ndi tsamba liti la bajetiyi limene likusonyeza kumene zipatala, zigayo ndi mapampu a madzi adzapeze magetsi? Yankho limene adzapatsidwe mudzalisindikize monga liliri, kuti tidzaliwerenge tokha.

Ine wanu,
Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito,
Balaka