Dandaulo la kompyuta yomwe chipset chake chikutentha mopitirira muyeso

Kwa Oyang'anira Nthambi Yosamalira Makasitomala,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawa chifukwa cha kompyuta ya padesiki imene ndidagula kwa inu miyezi itatu yapitayo, yolumikizidwa ndi anyamata anu. Ine ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo, ndipo ndimadyera pa makina amenewa. Akaima, nanenso ndaima.

Vuto lidayamba sabata yachiwiri. Ndikamakopera mafayilo akuluakulu, mausi ndi kiyibodi zimangoduka, kenako SSD (chosungiramo mafayilo) yachiwiri n'kusowa ngati sidaikidwemo n'komwe. Nditayang'ana pa pulogalamu ya HWiNFO, yoonetsa kutentha kwa zipangizo za m'kompyuta, purosesa inali pa madigiri 64, bwinobwino, koma chipset (kachipangizo kolumikiza purosesa ndi zipangizo zina) chinali pa madigiri 96. Madoko ambiri a USB komanso SSD yachiwiriyo zimadutsira pa chipset chomwecho, ndiye chikapsa, zonsezi zimagwera limodzi.

Nditakubwezerani kompyutayo, anyamata anu adangoikanso Windows n'kundiuza kuti zatheka. Bwana, Windows ingaziziritse bwanji chitsulo? Tsiku lomwelo madzulo vuto lidabwerera.

Ndiye ndidachotsa chivundikiro cham'mbali n'kuunika ndi tochi, osamasula china chilichonse kuopa kuononga waranti. Zimene ndidaona zidandikhumudwitsa kwambiri. Kafani kakang'ono ka pa chipset sikazungulira konse, chifukwa waya wochokera ku madoko akutsogolo adakanikizidwira m'mapiko ake, moti chikopa cha wayayo chayamba kale kunyuka. Pamwamba pa kafaniko pagona graphics card (chipangizo choyendetsa zithunzi ndi mavidiyo), imene ikutulutsira mpweya wake wotentha pomwepo. Kutsogolo kwa bokosi kulibe fani ngakhale imodzi yokoka mpweya wozizira, ngakhale malo a mafani awiri a mamilimita 120 alipo, ali pululu. Ilipo ndi imodzi yokha yakumbuyo. Nditayandikitsa chala pa heatsink (chitsulo chochotsa kutentha pa chipset), ndidachibweza msanga.

Motherboard yake (thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi ya chipset cha X570, ndipo vuto si mtunduwo. Chiyambire pamene idatuluka mu 2019, zimadziwika kuti chipset chimenechi chimadya magetsi pafupifupi mawati 11 chifukwa cha PCIe 4.0 (njira yothamanga kwambiri yodutsira deta), n'chifukwa chake ambiri opanga adachiikira kafani. Amene amalumikiza makompyuta tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezi. Chikundipweteka kwenikweni n'chakuti makinawa adakhala kwa inu masiku anayi, koma palibe adasuzumiramo. Waya ameneyu amaonekera poyera.

Pempho langa ndi ili. Chotsani wayayo m'mapiko n'kumumangirira kuseri, ndipo kafaniko muyese ngati sikadafe chifukwa chokakamira nthawi yonseyi. Thermal pad ya pansi pa heatsink (kapepala kofewa kodutsitsa kutentha) muisinthe, pakuti yakhala ikuwotcheka kwa miyezi itatu ndipo ndikukayika ngati ikugwirabe. Muikenso mafani awiri kutsogolo, ndi kuona mu BIOS (pulogalamu yoyambira ya motherboard) kuti kafani ka chipset kaziyamba kuzungulira kutentha kusanafike patali. Mukatero, muyendetse makinawo kwa ola lathunthu akukopera mafayilo, mundilembere madigiri amene mwapeza. Ngati USB ipitirizabe kuduka, ndiye kuti chipset chidavulala kale, ndipo ndifuna motherboard ina pa waranti yomweyi, popanda ine kulipira kanthu.

Lisiti ndi zithunzi za mkatimo ndaziphatikiza ndi kalatayi. Ndidikira yankho lanu pasanathe masiku asanu ndi awiri, chifukwa pali ntchito za anthu zimene zaima.

Ine kasitomala wanu wodandaula.