Mwalemba kuti munatifunsa, pomwe simunatifunse

Kwa Mkulu wa Banki,
Likulu la Banki,
Blantyre.

Bwana,

DANDAULO PA NTCHITO YANU YOBZALA MITENGO KUNO KU PHALOMBE

Ndikulemba m'malo mwa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu, kunsi kwa phiri la Michesi. Ndinenso kasitomala wanu. Ndalama zanga za nandolo komanso za gulu lathu la banki mkhonde timasunga kwa inu, choncho musandiyese munthu wongodutsa.

Chatikwiyitsa ndi lipoti lanu la pachaka la ntchito zothandiza anthu ndi kusamalira chilengedwe. Mphunzitsi wina wa kuno analipeza pa intaneti n'kutitanthauzira, popeza lonse lili m'Chingerezi. Muli chithunzi cha amayi a kwathu atanyamula mbande, ndipo mwalemba kuti mitengoyo munabzala mutakambirana ndi anthu a m'deralo. Bwana, kukambiranako kunachitikira pati? Komiti yathu sinaitanidwe. Komiti yoyang'anira zachilengedwe, yomwe imasamala nkhalango ya m'mudzi, inangoona galimoto zikufika. A gulupu anaimbiridwa foni madzulo kuti mawa asonkhanitse anthu, kukubwera alendo. Kutuma mfumu kuti isonkhanitse anthu si kufunsa maganizo.

Mukanafunsa, choyamba tikanakuuzani za nthawi. Anthu anu anabwera kumapeto kwa Malichi. N'zoona kuti nyengo yobzala mitengo yomwe boma linakhazikitsa imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mlimi aliyense kuno akudziwa kuti mbande yobzala mvula ikutsanzika sigwira nthaka. Imafuna Disembala kapena Januwale, kuti dzuwa la Okutobala lidzaipeze mizu italowa pansi. Chachiwiri ndi mtundu wa mitengo. Munabweretsa bulugamu n'kumubzala m'mphepete mwa mtsinje ndi pafupi ndi mjigo. Bulugamu sitimuda, amatipatsa milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi kwambiri ndipo malo ake si amenewo. M'mbali mwa mtsinje tikanapempha mbawa ndi nsungwi, m'minda msangu umene umabwezera chonde, ndipo m'zigwembe udzu wa vetiva. Alangizi a zankhalango ali pa boma pomwepa, sakanakulipiritsani kanthu pokuuzani zimenezi.

Ndiye panalibe amene anakonza zoti mitengoyo adzaisamala ndani. Tikakolola mbuzi zimatayiridwa. Kuli chiswe, kulinso moto wa anyamata osaka mbewa. Simunasiye mpanda, simunasiye ndowa zothirira, simunapangane ndi munthu aliyense. Munasiya matisheti ndi chikwangwani cha dzina la banki, ndipo chikwangwanicho chokha ndiye chili bwinobwino mpaka lero. Mitengo yopulumuka ndi yowerengeka, koma lipoti lanu likuwerenga yonse ngati ilipo.

Mwina ku Blantyre nkhani ya mbande zouma ikumveka yaing'ono. Kuno si yaing'ono. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Abale athu a ku Nkhulambe anataya nyumba, minda ndi ana. Anthu amene anaona zimenezo akamva kuti kukubwera mitengo amayembekezera chitetezo, osati kujambulidwa.

Palinso china chimene mwationongera chomwe simungachione pa chithunzi. Kale tikaitana anthu ku nazale ankabwera okha ndi makasu awo. Lero funso loyamba ndi lakuti, kuli matisheti? Kuli alawansi? Choipa kwambiri, anthu atamva kuti banki yalemba kuti inagwira ntchito ndi anthu a m'mudzi, aganiza kuti ife a komiti tinalandira ndalama n'kudya. Mlembi wathu, mayi wachikulire amene wagwira ntchito ya chitukuko mosalipidwa kwa zaka zambiri, akulozedwa zala pa mjigo chifukwa cha mawu anu.

Ndinene mosabisa kuti ngati banki ikufunadi kuteteza nkhalango, mphamvu yake ili pa ndalama, osati pa khasu. Amene akuotcha makala m'phirimu sadana ndi mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza, sopo ndi fizi zonse zinakwera, ndipo thumba la makala ndi lomwe limabweretsa ndalama msanga. Amayi a gulu lathu akhala akufuna ngongole yaing'ono yoti agule ming'oma ya njuchi ndi kuumba mbaula za Chitetezo zomwe sizitha nkhuni. Ku nthambi yanu amauzidwa za chikole chimene alibe. Pamene zili choncho, akaunti ya gulu ikudulidwa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene anatifotokozerapo m'Chichewa kuti zodulidwazo ndi za chiyani. Amayi omwewo ndi amene akumwetulira m'lipoti lanu, ndipo sanapemphedwe chilolezo choti nkhope zawo zionekere pa intaneti.

Pempho lathu ndi ili. Konzani mawu a m'lipotimo, ndipo mutilembere kalata yoti tikawerenge pa msonkhano wa m'mudzi, yonena poyera kuti komiti sinalandire ndalama iliyonse. Chithunzi cha amayiwo muchichotse, kapena mubwere mudzawapemphe. Ngati mukufuna kubzalanso, dzerani ku khonsolo ya boma, ku komiti ya chitukuko ya dera ndi kwa ife, ndipo mubwere Ogasiti asanathe, nthawi yokonza nazale, kuti mbande zifesedwe konkuno ndi anthu amene adzazisamale. Chaka chamawa mudzalembe mitengo imene yapulumuka, osati imene inatsitsidwa m'galimoto. Ndipo pobwerapo mutenge munthu wa ngongole, osati ojambula okha.

Tikuyembekezera yankho lolemba pasanathe mwezi. Kalata yofanana ndi ino tapereka kwa bwanamkubwa wa boma la Phalombe ndi ku ofesi ya zankhalango. Za ndalama zodulidwa pa akaunti ya gulu, mukapanda kutiyankha tidzakadandaula ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki m'dziko muno.

Ine kasitomala wanu,

Wapampando,
Komiti ya chitukuko ya m'mudzi,
Phalombe.