Kalata kwa Makolo: Mwana Akamati M'mimba Mukupweteka

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Teremu yachinayi yatha, ndipo malipoti tawapereka kwa ana. Ambiri achita bwino, tikuthokoza chifukwa cha kutigwira mkono chaka chonse. Koma lero mundilole ndilembe za chinthu chimene lipoti silionetsa: nkhawa ya ana athu.

Chaka chino pabenchi ya pakhomo pa ofesi yanga pakhala ana ambiri ogwira pamimba. Amabwera makamaka Lolemba m'mawa, kapena tsiku la mayeso. Thupi silotentha, sakutsegula m'mimba, koma manja ali thukuta kamukamu, ndipo mukaika dzanja pachifuwa mumamva mtima uli thithithi ngati wathamanga mtunda. Ikamakwana nthawi yoweruka, ululu uja wapita. Ambiri a ife tinaleredwa kuti zoterezi ndi ulesi, ndipo mankhwala ake ndi chikwapu. Inenso ndinkaganiza choncho. Zaka zapitazo ndinamulanga mtsikana wina chifukwa chobisala kuchimbudzi nthawi ya masamu. Patapita milungu ndiye ndinamva kuti ankaopa kuitanidwa kubolodi, poti Chingerezi chake chinali cha kumudzi ndipo anzake ankamuseka. Mpaka lero zimandiwawa mumtima.

Mwanayo sakunama ayi. Munthu akachita mantha, thupi limakonzekera kuthawa: mtima umathamanga, mpweya umafupika, magazi ambiri amapita kuminofu, ndipo m'mimba mumayamba kupotokola. Mwana wa zaka 8 sadziwa kunena kuti "ndili ndi nkhawa". Amanena chimene akumva, ndiye kuti mimba, mutu, nseru. Wina amayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale. Wina amaluma zikhadabo mpaka kutuluka magazi, wina amafunsa kakhumi ngati mubwera kudzamutenga. Anyamata ena nkhawa yawo imatulukira m'ukali, amangoyamba ndewu zosadziwika mutu wake. Amene amandidetsa nkhawa koposa ndi mwana wachete, womvera, amene amafufuta ndi kulembanso mpaka pepala kubooka. Timamuyamikira kuti ndi waulemu, osadziwa kuti m'kati akupsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo nkhawa ili m'gulu la mavuto ofala kwambiri. Choncho si matsenga, ndiponso si chizindikiro chakuti mwalephera kulera.

Komabe tiyeni tinene zoona za moyo wathu kuno ku Joni. Ambiri tikukhala m'chipinda chimodzi ku Yeoville, Rosettenville kapena Mayfair, chogawa ndi katani. Usiku timakambirana za lendi, za pemiti yotha nthawi, za mnzathu amene wagwidwa ndi apolisi, za ndalama zimene akuzidikira kumudzi. Timayesa kuti mwana wagona. Sanagone, akumva zonse, ndipo m'mawa amazisenza kubwera nazo m'kalasi. Moto umene unapsereza nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, n'kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo a kwathu, ana athu anauona m'mafoni athu omwewa. Alipo amene mpaka pano magetsi akazima n'kuyatsidwa kandulo, tulo sawapeza. Sindikunena kuti muziwanamiza. Ndikupempha kuti nkhani zolemera muzikambira panja, ndipo mwana akafunsa, mumuyankhe mwachidule n'kumuuza chimene inu akuluakulu mukuchitapo.

Mwana wina anandifunsa monong'ona ngati adzachotsedwe sukulu chifukwa alibe satifiketi yobadwira. Muwauze ana anu chimene ndinamuuza iye: mu Disembala 2019 khoti lalikulu la mumzinda wa Makhanda, kuno ku South Africa, linagamula kuti mwana asakanizidwe maphunziro chifukwa chosowa mapepala. Nkhani ya mapepala ndi ya inu ndi ine, mwana asaisenze.

Nanga akayamba kulira m'mawa kuti sapita kusukulu, mutani? Poyamba mupite naye kukiliniki kuti aone ngati palibe matenda ena, chifukwa njoka zam'mimba ziliponso. Ngati thupi lili bwino, pali njira ziwiri zimene ndaona zikukulitsa vuto. Yoyamba ndi kumumenya kapena kumunyoza kuti "mwamuna salira". Mantha satha, amangophunzira kubisa. Yachiwiri imachokera m'chikondi: kumusiya akhale kunyumba tsiku ndi tsiku. Lero mtima wake ukhala pansi, koma mawa geti ya sukulu idzaoneka yoopsa kuposa dzulo, chifukwa mantha amakula munthu akamathawa chimene akuopa. Chothandiza ndi kukhala naye pansi, kumuuza kuti "ndaona kuti ukuopa, tandiuza", kenako kukhala chete mpaka amalize, ngakhale chimene akuopacho chikuoneka chaching'ono kwa inu. Mupume naye limodzi pang'onopang'ono, mpweya ulowe m'mphuno, utuluke pakamwa ngati akuuzira phala lotentha. Mukatero mumuperekeze ndithu. Ngati kalasi yamukanika, adzayamba wakhala kaye mu ofesi mwanga ola limodzi, mawa awiri, mpaka azolowere.

Makolo a ana amene akupita mu Giledi 4, khalani tcheru mu Januwale. Kuchoka mu Giledi 3 ndi kulumpha kwakukulu: maphunziro amachuluka, ntchito yolemba imachuluka, ndipo ana ambiri amayamba kugwira pamimba nthawi imeneyi.

Ambiri mukwera basi ku Park Station kupita kumudzi pa Khirisimasi. Ngati mwaganiza zomusiya mwana kwa agogo ake, chonde mumuuze nthawi ilipo. Musanyamuke mbandakucha iye ali m'tulo poopa misozi yake. Ndalandirapo ana amene anasiyidwa motero ali aang'ono, ndipo atabwera kuno sankalola kuti mayi awo apite ngakhale kushopu. Mutsanzikane naye maso ndi maso, mumuuze tsiku limene mudzaimbe foni, ndipo mudzaimbedi.

Ngati zizindikirozi zapitirira milungu ingapo, mwana sakudya, sakugona, kapena wasiya kusewera ndi anzake, musadikire. Sukulu ili ndi gulu la aphunzitsi lothandiza ana ovutika, lija limatchedwa School-Based Support Team, ndipo tingathe kukulemberani kalata yopita nayo kukiliniki. Childline, nambala ya foni yothandiza ana, imayankha usana ndi usiku pa 116, mwaulere, ndipo mwana angathe kuimba yekha. Mwana akangotchula zofuna kufa kapena kudzivulaza, musaziyese nthabwala: mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kapena muimbire SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567.

Mlungu woyamba sukulu ikatsegulira ndidzakhala mu ofesi masana onse ana akaweruka. Amene mumagwira ntchito mpaka usiku, nditumizireni kakalata kudzera mwa mwana, tidzapangana Loweruka. Tidzalankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo zimene mudzandiuze zidzathera m'chipinda momwemo. Amene mukupita kumudzi, muyende bwino, mukapereke moni kwa onse.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu